Momwe mungajambulire katundu wogulitsa kuti mtundu wake usasinthe pa chithunzi

Mwaika chitenje pa WhatsApp, wina wachikonda, watumiza ndalama, inu mwachikweza basi ya ku Mzuzu. Mawa lake foni ikulira: "Mayi, chimene ndinaona ine chinali cha maruni, koma ichi ndi chofiira psuu." Ndalama mubweze, ya basi yapita, kasitomala nayenso wapita. Zoterezi zimawachitikira ogulitsa zitenje, a kaunjika, atelala, ophika makeke, ngakhalenso ogulitsa nsapato ndi mawigi. Ambiri amaloza chala foni, amati ndi yotchipa. Komatu foni yodula nayonso imanama ikajambula pa kuwala kolakwika, pomwe ka Itel kakale kakhoza kunena zoona mukakaimika pamalo oyenera.

Mfundo yoti muigwire musanayambe ndi imodzi. Nsalu siwala payokha. Kuwala kwa dzuwa, ngakhale kumaoneka koyera, muli mitundu yonse ija timaiona mu utawaleza. Nsalu yofiira imameza mitundu inayo n'kubweza yofiira, ndipo yobwezedwayo ndi imene imalowa m'maso mwanu ndi m'kamera. Kuwala kukasintha, chimene nsalu ikubweza chimasinthanso. Choncho ntchito yaikulu ili pa kukonza kuwala. Foni imabwera pambuyo.

Zofunika kukhala nazo

- Foni iliyonse ya kamera, ndi kansalu kofewa kopukutira diso la kamerayo
- Mapepala oyera a A4 awiri kapena atatu, osalembedwa
- Nsalu yoyala pabedi yoyera kapena yotuwa, yosanyezimira, kapena pepala lalikulu la manila loyera
- Katoni yaikulu yophwasula, yoti mumatepo mapepala oyera mbali imodzi
- Katani yoyera yopyapyala, kapena nsalu iliyonse yoyera yoti kuwala kuzidutsa
- Mapegi, hang'ala ndi selotepi
- Simbi yositira
- Ngati mumajambula usiku: mababu awiri a LED ofanana ndendende. Za kasankhidwe kake zili kumunsiku.

Gawo loyamba: katundu, malo ndi nthawi

1. Sitani katunduyo ndipo muonetsetse kuti wauma.

Khwinya lililonse limapanga kamthunzi, ndipo timithunzi tambiri timadetsa mtundu wa chovala. Chenjezo: musajambule chovala chonyowa kapena chimene mwangochiwaza madzi positapo. Madzi akalowa pakati pa ulusi, kuwala kochuluka kumalowerera mkati mmalo mobwerera, ndiye nsalu imaoneka yakuda kuposa momwe ilili. Ikauma kwa kasitomala idzaoneka ngati yasuluka.

2. Pezani malo a mthunzi woyera.

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera, ndiye tikhalitsepo. Malo abwino ndi pakhonde, pakhomo lotsegula, kapena pafupi ndi zenera lalikulu, pomwe kuwala kwa masana kukufika kochuluka koma dzuwa lenilenilo silikuwomba katunduyo. Dzuwa lowomba mwachindunji limachititsa mbali ina kuyereratu, ina kuderatu, ndipo kamera ya foni singathe kugwira zonse ziwiri nthawi imodzi.

Koma si mthunzi uliwonse. Kuwala kukagunda chinthu chamtundu, kumabwerera kutatenga mtundu wa chinthucho, n'kukaupaka pa katundu wanu. Yang'anani mozungulira musanayale kanthu:

Pansi pa mtengo wa mango ayi. Kuwala kodutsa m'masamba kumabwera kobiriwira, kuwonjezera apo kumagwa madonthomadontho. Bulauzi yoyera imatuluka ngati yachita ndere.

Pansi pa tenti ya buluu kapena pulasitiki yolenjekeka pabenchi ya pamsika ayi. Chilichonse pamenepo chimapita ku buluu: pinki amasanduka pepo, chikasu chimayamba kubiriwira. Malata oonekera aja amtundu wobiriwira kapena wachikasu amachita chimodzimodzi.

Simenti yopaka polishi wofiira, khoma la njerwa zootcha losapaka pulasitala, ndi dothi la katondo la pabwalo, zonsezi zimaponya kufiira kuchokera pansi ndi m'mbali. Ngati khonde lanu ndi lotero, yalani nsalu yoyera pansi, yokulirapo kuposa katunduyo, ina muphimbe nayo khoma.

Zovala zanu nazonso zimawerengedwa. Mukavala juzi yofiira n'kuwerama pamwamba pa keke yoyera, kekeyo itenga kufiira kwa juziyo. Valani choyera, chotuwa kapena chakuda.

Pa nkhani ya zenera, lamulo losavuta ndi ili: m'mawa gwiritsani ntchito loyang'ana kumadzulo, masana dzuwa litapendeka gwiritsani ntchito loyang'ana kum'mawa. Kuno kwathu, poti tili kum'mwera kwa equator, kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka Seputembala dzuwa limayenda chakumpoto, motero zenera loyang'ana kum'mwera silimawombedwa tsiku lonse. Amene muli nalo zenera lotero muli ndi mwayi. Ngati dzuwa likulowabe pazenera limene mulinalo, kolekani katani yoyera yopyapyala. Katani ya kirimu kapena ya maluwa isayerekeze.

3. Jambulani pakati pa 9 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana.

Dzuwa likakhala pansi, potuluka kapena polowa, kuwala kwake kumadutsa mumpweya wochuluka kusanatifike. Mpweyawo umamwaza buluu, n'kutsala kufiira ndi chikasu. Kuwala kumeneko kumakongoletsa nkhope, n'chifukwa chake ojambula maukwati amakukonda, koma kwa wogulitsa nsalu ndi bodza lenileni. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, utsi wa moto wa tchire ndi fumbi zikachuluka, kufiirako kumayamba msanga, choncho musachedwe.

Tsiku la mitambo yoyera ndiye labwino kuposa onse. Mitambo imamwaza kuwala mbali zonse, mithunzi imafewa, ndipo mukhoza kujambulira pabwalo penipeni. A ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, chiperoni chikagwa m'mwezi wa Juni musangodandaula za kuzizira, tulutsani katundu pakhonde mujambule.

Chenjezo: tsiku loti kumwamba kuli buluu wopanda kamtambo, mthunzi umawalitsidwa ndi thambolo, ndiye kuwala kwake kumapendekera ku buluu. Maso anu sangaone, kamera iona. Sitepe ya 8 ikonza zimenezi.

4. Zimitsani mababu onse a m'chipindamo.

Kuwala kwa pazenera ndi kwa babu kukakumana pa chovala chimodzi, mbali ina imatuluka ya buluu, ina yachikasu. Palibe batani la pafoni limene lingakonze zimenezo, chifukwa mukakonza mbali iyi mwaononga inayo. Kuwala kukhale kwa mtundu umodzi basi. TV nayonso izime.

Gawo lachiwiri: kuyala katundu

5. Yalani kapena kolekani katunduyo pa choyera kapena chotuwa, kuwala kukuchokera chammbali.

Kumbuyo kwa katundu kusakhale chitenje china, duveti yamaluwa kapena mkeka wapulasitiki wamitundumitundu. Diso limaweruza mtundu poufanizira ndi woyandikana nawo: nsalu yotuwa ikagona pa chofiira imaoneka yobiriwirako. Chovala choyera chigone pa chotuwa kuti m'mphepete mwake muoneke.

Inu imani moti zenera likhale kudzanja lanu lamanja kapena lamanzere. Likakhala kumbuyo kwanu, mthunzi wanu ndi wa foni ugwera pa katundu. Likakhala kumbuyo kwa katundu, kamera iona kuwala kwa zenera n'kudetsa zonse za patsogolo.

6. Imikani katoni yoyera mbali imene kulibe zenera.

Mbali ya kutali ndi zenera imakhala yakuda. Imikani katoni yanu yomata mapepala oyera kumeneko, kuyera kwake kukuyang'ana katundu, pafupi ndithu koma isalowe m'chithunzi. Ikubweza kuwala kwa pazenera n'kudzaza mthunziwo. Isendezeni uku mukuyang'ana pa sikirini, muona mthunzi ukuchepa. Ena amamata foyilo yophikira, ndipo imabweza kuwala kochuluka, koma muyambe mwaikwinya n'kuitambasulanso, apo ayi iponya mizere yowala. Pepala lonyezimira lagolide lokulungira mphatso ayi, lipaka chikasu.

7. Thamangitsani kunyezimira posintha poima.

Satini, nsapato zopolisha, zikwama zachikopa, mapoto, mabotolo a mafuta odzola ndi katundu wa m'pulasitiki zimabweza kuwala ngati galasi. Kuwala kukagwa pa chinthu chosalala, kumanyamuka mopendeka chimodzimodzi momwe kunabwerera, koma kulowera mbali inayo, monga umachitira mpira mukaumenyetsa pakhoma chammbali. Kamera ikakhala panjira imeneyo, imaona chigamba choyera mbee, ndipo pachigambapo mtundu wa katundu palibe, mukuona zenera lenilenilo.

Mankhwala ake ndi kusuntha. Sendezani foni pang'ono kumanja, kumanzere, m'mwamba, kapena pendeketsani katunduyo, mpaka chigambacho chichoke pamalo ofunika. Kanyezi pang'ono pa nsapato kasiyeni, ndi kamene kamauza wogula kuti chikopacho n'chosalala. Katundu wa m'pepala lapulasitiki mutulutseni kaye.

Veleveti ndi nsalu zina zaubweya zimasintha mtundu malinga ndi komwe ubweyawo wagonera. Usalazeni ndi dzanja mbali imodzi musanajambule.

Gawo lachitatu: foni

Pukutani diso la kamera kaye. Mafuta a zala amamwaza kuwala, chithunzi chonse n'kuchita mbuu ngati munajambulira m'chifunga. Kenako lowani mu kamera muzimitse fulashi, mafyuluta onse, Beauty, ndi chija cholembedwa AI kapena Scene optimizer ngati foni yanu ili nacho. Zimenezi anazipangira kukometsa chithunzi, ndipo zimakometsa powonjezera mtundu umene pa nsalupo palibe.

8. Ikani pepala loyera pambali pa katundu, lilowe m'chithunzi.

Sitepe iyi ndi imene imasiyanitsa ojambula bwino ndi ongojambula. Kamera sidziwa mtundu wa kuwala kumene muli, imangopenekera poyang'ana zimene zili m'chithunzi. Mukadzaza chithunzi chonse ndi chitenje cha olenji, foni imaganiza kuti kuwalako ndiye kwa olenji, n'kuthirapo buluu kuti "ikonze". Chitenje chanu chowala chija chimatuluka chofwifwa. Mukadzaza ndi nevi buluu, imathirapo chikasu, n'kutuluka wotuwa. Pepala loyera limaipatsa foni poyambira.

Pepalalo ligone pomwe pagona katundu, pa kuwala komweko, osati m'mthunzi wa katunduyo. Tsopano liyang'aneni pa sikirini. Ngati likuoneka loyera, mitundu inayo ili pafupi ndi choonadi. Ngati likuoneka lachikasu, la buluu kapena lobiriwira, dziwani kuti katundunso wapakidwa mtundu womwewo.

Likakhala kuti silikuyera, mafoni ambiri a Android monga Samsung, Tecno ndi Infinix ali ndi gawo lolembedwa Pro mu kamera. Mmenemo dinani WB, pokonzera mtundu wa kuwala kuti choyera chizioneka choyera. Mafoni ena amaonetsa tizithunzi ta dzuwa, mtambo ndi babu. Sankhani kofanana ndi kuwala kumene muli. Ena amaonetsa nambala yotsatana ndi chilembo K, yonena mtundu wa kuwala. Masana yambirani pa 5500K. Pepala likamaoneka la buluu, kwezani nambala chaku 6500K kapena 7000K. Likamaoneka lachikasu, tsitsani. Lekani pomwe pepala la pa sikirini lafanana ndi la pansi.

Chenjezo: mapepala ambiri a A4, komanso zovala zoyera zochapidwa ndi sopo waufa, zimakhala ndi mankhwala oyeretsa amene amameza kuwala kwa UV, kosaoneka ndi maso, n'kukubweza ngati buluu. Ndiye kabuluu kochepa kwambiri pa pepala masana si vuto. Musalimbane nako mpaka chithunzi chonse chichite chikasu.

Mukamaliza mukhoza kulidula pepalalo m'chithunzi. Ine ndimaona kuti kusiyako kam'mphepete kake n'kwanzeru, chifukwa wogula naye amaweruzira pomwepo.

9. Dinani pa katundu, kenako konzani kuwala kwa chithunzi.

Kamera imafuna chithunzi chilichonse chikhale chapakatikati, chosada chosayera. Ikaona suti yakuda bii imawalitsa mpaka suti ichite kutuwa ngati yakalamba. Ikaona diresi loyera la ukwati imadetsa mpaka lioneke losachapa. Dinani pa katunduyo pa sikirini, patuluka kachizindikiro ka dzuwa. Kakokereni pansi pa chovala chakuda, m'mwamba pa choyera, pang'onopang'ono, uku mukuyang'ana chovala chenichenicho. Pa iPhone ndi mafoni ena, mukadina n'kugwiritsa chala kwa kanthawi, kamera imakhoma pomwepo osasinthanso.

Chofiira chowala chimavuta mwapadera. Chikawalitsidwa kwambiri maluwa ndi ulusi zimasowa, pamangotsala chigamba chofiira. Tsitsani kuwala pang'ono mpaka ulusi uoneke.

10. Bwererani m'mbuyo pang'ono, jambulani zingapo.

Foni ikayandikira kwambiri imapotoza maonekedwe a katundu ndipo imamuchitira mthunzi. Imani chapatali, mudzadule chithunzi pambuyo. Jambulani chimodzi cha katundu yense, china chapafupi choonetsa ulusi ndi maluwa, china choonetsa chilema ngati chilipo.

11. Fananitsani chithunzi ndi katundu musanachoke pamalopo.

Gwirani foni pambali pa katunduyo, pa kuwala komwe munajambulira. Musanaweruze, zimitsani chotetezera maso chija chimachititsa sikirini chikasu. Mafoni ena amachitcha Eye care, ena Eye comfort shield, pa iPhone ndi Night Shift. Kuwala kwa sikirini kukhale chapakati. Ngati mu Settings, pa Display, muli posankha pakati pa Vivid ndi Natural, sankhani Natural, chifukwa Vivid imakuza mitundu pa foni yanu yokha, kwa kasitomala osafika.

Musayembekezere kufanana kotheratu. Sikirini imapanga mitundu yonse posakaniza timagetsi tating'onoting'ono titatu: tofiira, tobiriwira ndi ta buluu. Mukafuna kudzionera, donthezani kadontho kakang'ono ka madzi pa sikirini yoyera, muyang'anitsitse, mutiona. Chikasu cha pa sikirini ndi chofiira chophatikiza ndi chobiriwira, pomwe chikasu cha pa nsalu ndi utoto umene wameza buluu. Njira ziwirizi sizikumana paliponse. Pepo kawirikawiri amatuluka ngati buluu, ndipo mitundu yowala kwambiri ija ya majekete a apolisi a pamsewu sikirini siikwanitsa.

Ngati pepala layera koma mtundu ukusiyanabe pang'ono, lowani pa Edit mukhudze ziwiri zokha: Warmth, ndi Brightness kapena Exposure. Saturation, imene imakuza mitundu, isiyeni.

12. Tumizani bwino, ndipo mtunduwo muutchule ndi mawu.

WhatsApp imafinya zithunzi kuti zisadye bandulo, ndipo chimene chimatayika kwambiri ndi tsatanetsatane wa ulusi ndi maluwa ang'onoang'ono. Kwa kasitomala amene watsimikiza, dinani HD musanatumize, kapena tumizani chithunzicho ngati Document. Musatumize screenshot ya chithunzi, tumizani chenichenicho.

Foni ya wogula simungailamulire. Mwina ali ndi sikirini yosinthitsa, mwina akuonera padzuwa ku Johannesburg. Choncho lembani pansi pa chithunzi: "maruni wakuda, osati wofiira", "kirimu, osati woyera", "nevi buluu, pafupi ndi wakuda". Pa oda yaikulu, jambulani katunduyo pambali pa chinthu chimene wogulayo ali nacho kwawo, monga chitsekerero chofiira cha botolo la Coca-Cola. Iye akayang'ana chake n'kuyang'ana cha m'chithunzi, adziwa ngati sikirini yake ikupotoza.

Ngati simungachitire mwina koma kujambula usiku

Ambiri amafika kunyumba dzuwa litalowa, belo n'kutsegula usiku. N'zotheka, koma babu lisankhidwe. Pa katoni ya babu werengani zinthu zitatu.

Choyamba ndi nambala ya K. 2700K kapena 3000K, yolembedwa Warm White, ndi kuwala kwachikasu. 4000K ndi kwapakati. 6500K, yolembedwa Daylight kapena Cool Daylight, ndi koyera kopendekera ku buluu. Kandulo ili pansi pa 2000K, pomwe dzuwa la masana lili cha pa 5500K. Pojambulira tengani kuyambira 5000K mpaka 6500K, ndipo onse awiri akhale a nambala imodzi, a kampani imodzi.

Chachiwiri, chimene ambiri sachiyang'ana, ndi CRI kapena Ra. Nambala imeneyi imanena momwe babu limaonetsera mitundu molondola, ndipo yapamwamba ndi 100, ya dzuwa. Mababu wamba amakhala cha pa 80. Mukapeza la 90 kapena kuposa, gulani limenelo ngakhale likwere mtengo. Chifukwa chake n'chakuti LED yoyera kawirikawiri imakhala ya buluu mkati, yokutidwa ndi mankhwala achikasu, ndipo zikasakanikirana diso limati n'koyera. M'kuwala kumeneko kufiira kumakhala kochepa, makamaka m'mababu otchipa ndi timababu ta sola. Nsalu yofiira ikasowa kufiira koti ibweze imaoneka ya bulauni, ndipo apa WB singathandize kwenikweni, chifukwa foni singabweze mtundu umene sunafike n'komwe. Machubu aataliatali akale ndi ma energy saver opotana aja amakonda kupaka kubiriwira.

Chachitatu ndi lm, kuchuluka kwa kuwala. Mawati amangonena magetsi amene babu limadya.

Ikani babu lina kumanja, lina kumanzere, onse chapatsogolo pa katundu mopendeka, pa mtunda wofanana. Asayandikire kwambiri. Kuwala kwa babu kumatha msanga ndi mtunda: chinthu chili pa mamita awiri chimalandira gawo limodzi mwa magawo anayi a kuwala kumene chikanalandira pa mita imodzi. Babu likakhala theka la mita kuchokera pa kolala, pomwe mpendero wa diresi uli pa mita ndi theka, kolala ilandira kuwala kochuluka ka 9 kuposa mpendero, ndipo diresi lioneka la mitundu iwiri. Mukalibweza m'mbuyo kusiyanako kumachepa. Kuti mithunzi ifewe, kolekani nsalu yoyera yopyapyala pakati pa babu ndi katundu.

Chenjezo: nsaluyo isakhudze babu. Mababu akale a waya mkati amatentha moti akhoza kuyatsa nsalu, ndipo LED nayo imafuna mpweya.

Mukaona mizere yakuda ikuyenda pa sikirini, si foni yaonongeka. Magetsi a ESCOM, chimodzimodzi a ZESCO ku Zambia, ndi a 50 Hz, ndipo mababu ena amaphethira ka 100 pa sekondi, diso osaona. Mu Pro, pa chilembo S, posankhira liwiro limene kamera imajambulira, sankhani 1/50 kapena 1/100, ndipo foni muitsamiritse pa chinthu kuti isagwedezeke.

Kufananitsa nsalu za ukwati, za kwaya ndi za yunifolomu

Apa chithunzi chokha sichikwana, ngakhale chijambulidwe bwino chotani. Nsalu ziwiri zonyikidwa mu utoto wosiyana zikhoza kufanana ndendende pansi pa babu la m'sitolo, n'kusiyana poyera zikatuluka padzuwa. Zimachitika kwambiri pofananitsa satini ndi thonje, diresi ndi tayi, kapena nsalu ndi zipi ndi ulusi. Atelala amazidziwa bwino.

Dulani kachidutswa ka nsalu yoyambayo muziyenda nako. M'sitolo, pemphani kuti mutuluke nayo nsalu pakhomo, muzigundanitse ziwirizo pa kuwala kwa masana. Zikafanana pamenepo, ziyeseninso pansi pa babu, poti madyerero ambiri amathera muholo. Ndipo nsalu ya anthu onse igulidwe tsiku limodzi, pa mpukutu umodzi ngati n'kotheka, chifukwa mipukutu iwiri ya dzina limodzi ndi nambala imodzi imatha kusiyana pang'ono. Aperekezi ena akakhala kutali, atumizireni kachidutswa, osati chithunzi.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kuyatsa fulashi. Fulashi ili pafupi ndi diso la kamera, ndiye kuwala kwake kumagunda katundu n'kubwerera molunjika m'kamera. Pakati pamayera, m'mbali mumada, ndipo ulusi suoneka.

Kugwiritsa ntchito tochi ya foni ina magetsi akathima. Ndi ka LED kakang'ono kopendekera ku buluu, mithunzi yake ndi yakuthwa. Dikirani kuche.

Kukhulupirira maso anu m'chipinda cha babu lachikasu. Ubongo umazolowera kuwala kulikonse pakangopita mphindi zochepa, n'kumakuuzani kuti pepala ndi loyera pomwe kamera ikuona chikasu. Weruzani ndi pepala la pa sikirini.

Kukweza Saturation kuti katundu "akuwe". Amakuwadi, anthu amafunsa mtengo, koma amene wagula amalandira chinthu china. Pa katundu wa kaunjika ndiye zimapweteka kwambiri, chifukwa kusuluka kumene mwabisako ndi kumene wogula amayamba kuona potsegula jumbo.

Kutenga chithunzi cha pa intaneti kapena cha amene munaodako n'kumati ndi katundu yemweyo. Chinajambulidwa pa kuwala kwina, mwinanso ndi mpukutu wina.

Kujambula katundu wa oda imodzi pa nthawi zosiyana, zina m'mawa pakhonde, zina usiku pabedi. Wogula aganiza kuti ndi mitundu iwiri. Sankhani malo amodzi ndi ola limodzi, muzijambulira pomwepo nthawi zonse.

Kujambula chitenje chimene chakhala chikulendewera padzuwa kunja kwa shopu, n'kutumiza china cha m'kati, kapena kujambula cha m'kati n'kutumiza cholendeweracho. Kuwala kwa UV kumaphwanya utoto pang'onopang'ono, ndipo mbali yoyang'ana dzuwa imasuluka msanga kuposa yopindidwa. Jambulani chomwecho chimene mutumize.

Kukangana ndi aliyense pa mtundu umodzimodzi. Pali anthu amene mwachibadwa amavutika kusiyanitsa chofiira, chobiriwira ndi bulauni, ndipo vutoli limapezeka kwambiri mwa amuna kuposa akazi. Ngati makasitomala osiyanasiyana akukuuzani kuti chimene mukuti bulauni n'chobiriwira, musanalembe mtundu pansi pa chithunzi muziyamba mwafunsa munthu wina wa pakhomopo kuti akuuona bwanji.